Mpasa ukusowa poswanira

Mvula ikamasiya m'mwezi wa Epulo, nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje ya Bua, Luweya ndi North Rukuru kukaswana. Apa ndi pomwe asodzi amaidikirira ndi mono komanso maukonde otchinga mtsinje wonse, ena mpaka kuthira katupe m'madzi. Nsomba yambiri imagwidwa mazira ali m'mimba.

Koma mdani wina wa mpasa sagwira n'komwe ukonde. Nsombayi imaikira mazira pa timiyala m'madzi oyera. Mitengo ikatha kumapiri, monga momwe makala akudyera nkhalango ya Kaning'ina ku Mzuzu, mvula imakokolola dothi, matope n'kukwirira malo oswanira kumunsi. Wootcha makala kumtunda mwina sanalaweko mpasa, komatu nkhwangwa yake imafika kumtsinje.

Ntchila, m'bale wake wa mpasa, idali mbwee kalelo. Lero achinyamata ambiri sadaionepo.

Mpasa ukupumako pang'ono mu Bua, pomwe mtsinjewu umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015.