Ana Aulumali M'sukulu za Mmera Mpoyamba: Akuwerengedwa Ndani, Ndipo Akupezako Chiyani?

Kwa mabanja ambiri a m'Malawi, malo oyamba amene mwana waulumali wa zaka 3 mpaka 5 angapezeko maphunziro si sukulu yapadera yomangidwira ana onga iye, koma sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, imene anthu ambiri amaitcha yamkombaphala ndipo m'maofesi imadziwika ndi chidule choti CBCC. Sukuluzi zinayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, zinachuluka kwambiri pamene mliri wa Edzi unasiya ana amasiye ochuluka m'midzi, ndipo lero zilipo zoposa 10,000. Ngakhale boma limaziyang'anira kudzera mu unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, eni ake enieni ndi anthu a m'mudzimo: mfumu imapereka malo, makolo amaumba njerwa ndi kusonkha ufa, komiti imayendetsa zinthu, ndipo alezi, amene ndi amayi ndi abambo osankhidwa kuti azisamalira ndi kuphunzitsa anawo, ambiri mwa iwo amagwira ntchito mongodzipereka. Wofuna kudziwa mmene mwana waulumali akukhalira pa sukulu yotere ayenera kufunsa kuti ana amene akubwera ndi otani, komanso kuti pasukulupo pali zipangizo zanji, koma mafunso awiriwa salekanitsika, chifukwa thandizo lochokera ku boma kapena ku mabungwe limatsata dzina lolembedwa m'kaundula, ndipo mwana amene sanalembedwe, kapena amene analembedwa popanda kusonyeza vuto lake, sawerengeredwa kanthu pa nthawi yogawa.

Kalembera wa anthu wa mu 2018, amene anapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, anasonyeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo anali ndi ulumali wa mtundu wina, ndiponso kuti anthu achialubino analipo oposa 134,000. Chiwerengero choyambacho chimasiya kunja ana a zaka 3 ndi 4, ndipo pali chifukwa chomveka: funso loti kodi munthu amavutika kudziveka, kusamba kapena kukumbukira zinthu silingayankhidwe bwino ponena za mwana wamng'ono, popeza mwana aliyense wa msinkhu umenewo amavutika nazo. Kuti ana aang'ono awerengedwe molondola pamafunika mafunso apadera ofunsa kholo, amene amayerekeza mwanayo ndi anzake a msinkhu wake, pamodzi ndi chida choyezera kakulidwe monga MDAT, chimene chinapangidwira m'Malawi momwemuno ndi kusindikizidwa mu 2010. Chidachi chimayang'ana mbali zinayi, zomwe ndi kayendedwe ka thupi lonse, kagwiritsidwe ntchito ka manja ndi zala, chiyankhulo, ndi kakhalidwe pakati pa anthu, ndipo ubwino wake ndi woti chimayesa mwana ndi zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa kale.

Kafukufuku amene anagwiritsa ntchito njira ziwirizi m'sukulu za mmera mpoyamba ndi wa ntchito yotchedwa Tikule Limodzi, imene inachitika m'boma la Thyolo mogwirizana pakati pa University of Birmingham, bungwe la Sightsavers ndi Chancellor College. Ofufuzawo anayeza ana oposa 900 m'sukulu 48, ndipo anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 10 aliwonse anali ndi ulumali, pamene chiwerengero chofananirapo chinkaoneka kuti chikuchedwa pa kakulidwe. Chofunika kwambiri pa zimene anapezazo ndi mtundu wa mavuto amene anali ochuluka, chifukwa sanali aja amene anthu amawaganizira akamva mawu oti ulumali, monga kusaona kapena kulephera kuyenda, koma anali nkhawa, kuvuta kwa khalidwe, ndi kulephera kuzolowera zinthu zikasintha. Mwana wotere alibe ndodo kapena njinga yomuzindikiritsa, choncho m'kaundula amalembedwa ngati wina aliyense, ndipo pabwalo amatchedwa wamwano, wamanyazi kapena wosamva zouzidwa, pamene mwina ndi wosamva m'makutu ndithu.

Komabe kafukufuku wa mtundu umenewu amayeza ana amene afika pasukulu, ndipo ana amene ulumali wawo ndi waukulu ndi amene kawirikawiri amatsala kunyumba. Mwana amene ali ndi cerebral palsy, vuto lobwera chifukwa chovulala kwa ubongo mwana asanabadwe, pobadwa kapena ali wakhanda, limene limachititsa kuti minofu iume kapena ifooke, sangathe kutsatira anzake pa njira ya kusukulu. Amafunika kuberekedwa kumsana popita ndi pobwera, ndipo mayi amene akumubereka ndi yemweyo amene akuyembekezeka kumunda, kudimba kapena ku ganyu. Akafika naye, alezi nthawi zina amapempha kuti mayiyo akhale pomwepo mpaka poweruka, chifukwa palibe wina womukhazika, womumwetsa phala kapena wopita naye kuchimbudzi, ndipo pakatha milungu yochepa banjalo limaona kuti silingakwanitse. Mwana wa khunyu amatsekerezedwa ndi chikhulupiriro chabodza choti matendawa amapatsirana kudzera m'malovu kapena mpweya wa wodwala, kotero kuti makolo a ana ena amaopseza kuchotsa ana awo. Mwana wachialubino, kuyambira pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunakula cha mu 2014, amasungidwa pafupi ndi khomo chifukwa cha mantha amene palibe angawanene kuti ndi opanda maziko. Palinso manyazi ndi nkhani za ufiti, zimene zimachititsa kuti mayi aimbidwe mlandu wa ulumali wa mwana wake, mwinanso bambo n'kuthawa banja. Pa chifukwa chimenechi, sukulu imene kaundula wake akusonyeza kuti ilibe mwana waulumali sikuyenera kuyamikiridwa kapena kusiyidwa pa ndondomeko ya thandizo, koma ikuyenera kufunsidwa kuti ana aulumali a m'midzi yozungulira ali kuti.

Umphawi ndi mbali ina ya chithunzi cha anawa imene singasiyidwe. Zambiri mwa zimene zimabweretsa ulumali mwa ana aang'ono m'dziko muno, monga kubanika pobadwa, chikasu cha makanda chosalandira chithandizo, malungo okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi ndi mafinya a m'khutu osachiritsidwa, zimagwa kwambiri pa mabanja okhala kutali ndi chipatala, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi kuposa msinkhu wawo chifukwa cha kuperewera kwa zakudya kwa nthawi yaitali. Ulumali ukalowa pakhomo umaonjezera umphawiwo, popeza wosamalira mwana sapeza mpata wa ntchito, ndipo banja lotere ndi limene limalephera kusonkha ufa kapena ndalama ya sukulu, mwana n'kuleka kupita chifukwa makolo akuopa kunenedwa.

Ponena za zipangizo, kusiyana pakati pa sukulu ndi sukulu n'kwakukulu. Zina zili ndi nyumba ya njerwa zootcha ndi malata yomangidwa ndi bungwe, zina zimabwereka tchalitchi kapena mzikiti, ndipo zina zimakumana m'chisakasa cha udzu kapena pansi pa mtengo, n'kutseka mvula ikayamba. Kwa mwana waulumali, tinthu timene ena sationa ndi timene timagamula ngati apitirize kapena ayi: khomo lopapatiza, masitepe opanda potsetsereka, chipinda chamdima chimene mwana woona movutikira sangaonemo chithunzi, ndiponso chimbudzi chokumba chopanda pogwirira kapena pokhalira, chimene mwana wokwawa amayenera kulowamo ndi manja. Phala, limene limaphikidwa ndi makolo mosinthana kuchokera ku ufa wosonkha, ku munda wa sukulu kapena ku mabungwe monga Mary's Meals, ndilo limakopa ana ambiri, kotero kuti likasowa chiwerengero chimatsika. Koma mwana wovutika kumeza amafunika kukhazikidwa mowongoka ndi kudyetsedwa pang'onopang'ono kuti asatsamwe, ndipo mwana wa khunyu amafunika kutetezedwa ku moto wophikirawo, umene ndi ngozi yaikulu kwa iye kuposa kugwa kwenikweniko.

Si zonse zimene zimalira ndalama zambiri. Aphunzitsi a m'Malawi ali ndi njira imene amaitcha TALULAR, yomwe ndi kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, ndipo njirayi imamuyenera bwino mwana waulumali: mpira wachikulunga woikamo timiyala m'kachitini umamveka kwa mwana wosaona, supuni yokulungidwa nsanza pachogwirira imagwirika ndi dzanja louma, ndipo kalipentala wa pamsika angathe kukhoma mpando wa pangodya wochirikiza msana wa mwana wosatha kukhala yekha. Zimene mudzi sungapange, monga njinga ya msinkhu wa mwana, makina othandiza kumva, magalasi, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi mankhwala a khunyu, zimadalira kuti wina atumize mwanayo ku chipatala pa nthawi yake. Mapazi opindika amawongoka ndi pulasitala wosinthidwa mlungu ndi mlungu ngati chithandizo chayamba mwana ali wakhanda, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimadziwika ndi ntchito ya mafupa a ana, koma kholo limene silinauzidwe zimenezi ku sikelo limafika mochedwa.

Chosowa chachikulu kuposa nyumba ndi zidole ndi munthu wodziwa ntchito. Maphunziro oyambira a mlezi amatenga pafupifupi milungu iwiri, ambiri sanawalandire n'komwe, ndipo amene anawalandira amatha kusiya ntchitoyo akapeza china chowadyetsa, zimene palibe angawadzudzule nazo. M'milungu iwiriyo muyenera kulowa zaumoyo, zakudya, masewero, chitetezo cha ana ndi kasungidwe ka kaundula, kotero kuti ulumali umangokhudzidwa pamwamba; n'chifukwa chake ntchito ya ku Thyolo ija inayesa kuonjezera mitu ya ulumali m'maphunziro a alezi. Akatswiri a maphunziro a ana aulumali alipo m'dziko muno, ndipo ambiri amaphunzitsidwa ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene amaphunzira kuthandiza ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Vuto ndi loti akatswiriwa ndi aphunzitsi a unduna wa zamaphunziro amene amatumizidwa ku pulayimale ndi ku sekondale, pamene mlezi wa sukulu ya mmera mpoyamba ali pansi pa unduna wina, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene amamuona mwanayo ku sikelo ali pansi pa unduna wachitatu. Anthu atatuwa angathe kukhala m'dera la mfumu imodzi, aliyense atasunga gawo lake la mbiri ya mwana mmodzimodziyo, koma popanda dongosolo lowakakamiza kukhala pamodzi.

Amene amataya zambiri ndi kugawanikaku ndi mwana wosamva. Ubongo umaphunzira chinenero mosavuta m'zaka zoyambirira za moyo, kaya chinenerocho ndi chapakamwa kapena chamanja, ndipo mwana amene wafika zaka 6 asanapeze chinenero chilichonse amavutika kubweza zimene zinamudutsa. Sukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba ndi zochepa, malo ake ndi owerengeka, ndipo n'zogonera komweko, zimene sizingatheke kwa mwana wa zaka 3 amene akufunikabe mayi wake. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha m'Malawi mu 2021, koma phindu la bukuli kwa mwana wamng'ono lidzaoneka pokhapokha zizindikiro za tsiku ndi tsiku, monga za kudya, kumwa, kupweteka ndi kupita kuchimbudzi, zitafika kwa mlezi ndi kwa mayi.

Pa malamulo, dziko silinagone. Linakhala ndi ndondomeko yoyamba ya mmera mpoyamba mu 2003, linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lamulo latsopano m'malo mwake. Malamulowa amaletsa kusala mwana pa maphunziro chifukwa cha ulumali, koma sukulu imene imadalira ufa wosonkha ndi mlezi wosalipidwa ilibe mphamvu yokwaniritsa yokha zimene lamulo likulonjeza.

Kufooka kwa kaundula kumaonekeranso pa nthawi yochoka. Msinkhu woyambira Sitandade 1 ndi zaka 6, koma mwana waulumali amatha kukhalabe ku mkombaphala atapitirira msinkhuwo, chifukwa makolo amaona kuti kumeneko n'kufupi, anthu amamudziwa, ndipo ku pulayimale kalasi imodzi imatha kukhala ndi ana oposa 100. Akapita, zimene mlezi anaphunzira za iye m'zaka ziwiri kapena zitatu, monga khutu limene amamva nalo bwino, zizindikiro zimene amaonetsa akatsala pang'ono kugwa, kapena malo amene amaonerapo bwino zolembedwa, kawirikawiri sizilembedwa paliponse, ndipo mphunzitsi watsopano amayambanso kufufuza pakati pa khamu la ana. Pepala limodzi lolembedwa ndi mlezi pamodzi ndi kholo, loonedwa ndi mlangizi wa zaumoyo ndi kuperekedwa kwa mphunzitsi wamkulu pa tsiku lolembetsa, lingathandize kuti mwanayo aikidwe kutsogolo kwa kalasi kuyambira tsiku loyamba, ndiponso kuti dzina lake lifike ku ofesi ya maphunziro ya boma lake pa nthawi imene akugawa aphunzitsi apadera ndi zipangizo.