Chithunzi Chatuluka Chakuda? Musachifufute, Tiyeni Tichiwalitse

Ananu, tiyerekeze kuti mwabwereka foni ya amayi kuti mujambule agogo. Inu muli m'nyumba, agogo aima pakhomo atavala chitenje chawo chatsopano, ndipo panja dzuwa likuswa mtengo. Mwadina batani. Poyang'ana chithunzicho, mtengo wa mango womwe uli pabwalo ukuoneka bwinobwino, koma nkhope ya agogo ili bii, maso ndi mphuno osaoneka. Kodi foni yawonongeka? Ayi, ili bwinobwino. Ndipo nthawi zambiri nkhope ya agogoyo imakhala ilimo m'chithunzimo, yangobisala. Kuti tiitulutse, tiyambe tadziwa momwe kamera imagwirira ntchito.

Kamera imakinga kuwala

Mvula ikamagwa mumakinga madzi m'zitini, si choncho? Ikakhala yamphamvu, chitini chimadzaza msanga. Ikamangowaza, mumadikira nthawi yaitali, ndipo mukachotsa chitinicho msanga mumapezamo timadontho tokha.

Kuseri kwa galasi la kamera kuli kachipangizo kakang'ono kotchedwa sensa. Pa sensapo pali tizitini tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa m'mizere, ndipo timakinga kuwala m'malo mwa madzi. Kalikonse mwa tizitinito kamapanga kadontho kamodzi ka chithunzi, komwe amakatcha pikiselo. Mukamva kuti kamera ya foni ndi ya mamegapikiselo 12, ndiye kuti chithunzi chake chili ndi timadontho 12 miliyoni.

Mukadina batani, tizitinito timakinga kuwala kwa kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana n'komwe sekondi imodzi. Foni ndi imene imasankha kutalika kwa kanthawiko. Pojambula agogo paja, inaona kuwala kochuluka kwa panja, n'kuganiza kuti ponseponse pawala, ndiye inatseka msanga. Tizitini toyang'ana mtengo wa mango tinalandira kuwala kokwanira, koma toyang'ana nkhope ya agogo, yomwe inali pamthunzi, tinangolandira pang'ono.

Chithunzi ndi masamu

Foni ikatha kukinga, imayeza kuwala komwe kalowa m'kachitini kalikonse, n'kulemba nambala. M'zithunzi zambiri za pafoni, zomwe zimasungidwa ngati JPEG, manambalawa amayambira pa 0 mpaka 255. Nambala 0 ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu: ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu. Mitundu yonse yomwe mumaona pafoni imachokera pa kusakaniza itatu imeneyi.

Tsono tinene kuti tsaya la agogo lili pa 30 ndipo tsitsi lawo lili pa 12. Manambala onse awiri ndi aang'ono, n'chifukwa chake diso lanu likuvutika kusiyanitsa tsaya ndi tsitsi. Koma foni ikudziwa kuti ndi osiyana. Tikachulukitsa onse ndi 3, tsaya lifika pa 90, tsitsi pa 36, ndipo nkhope ija yaonekera! Kuwalitsa chithunzi ndi kumeneku: kukweza manambala aang'ono.

Koma samalani. Thambo lomwe lili kumbuyo kwa agogo lili kale pa 200. Mukachulukitsa ndi 3 mupeza 600, pomwe malire ndi 255. Ndiye thambo, mitambo ndi khoma la nyumba yoyandikana nayo zonse zingoyera mbee, osadziwikanso kuti ichi n'chiyani.

Tiwalitse bwanji tsono?

Mafoni ambiri ali kale ndi pokonzera zithunzi. Palinso mapulogalamu aulere monga Google Photos ndi Snapseed pafoni, kapena GIMP pakompyuta. Mayina a mabatani ake kawirikawiri amakhala a Chingerezi. Tsatani izi:

1. Sungani chithunzi choyambacho. Pangani china chofanana nacho ndipo muzikonza chimenecho, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera.
2. Tsegulani chithunzicho, dinani Edit, ndipo fufuzani Shadows. Batani limeneli limakweza manambala aang'ono, n'kusiya akuluakulu pafupifupi momwe analili. Likokereni pang'onopang'ono mukuyang'ana nkhope.
3. Ngati chithunzi chonse chikadali chakuda, onjezerani Brightness kapena Exposure, koma pang'ono. Amenewa amawalitsa chithunzi chonse pamodzi.
4. Thambo likayamba kuyera kwambiri, tsitsani Highlights.
5. Chithunzi chowalitsidwa chimakonda kuoneka mbuu. Kwezani Contrast pang'ono kuti zakuda zikhalebe zakuda.

Mukatha, yang'anani zithunzi ziwirizo, chakale ndi chatsopano, ndipo mudzifunse kuti, "Kodi awa ndi agogo momwe amaonekera?" Cholinga ndi chakuti nkhope ioneke bwino, osati kuyeretsa khungu lawo. Vuto la zithunzi zosaonetsa khungu momwe lilili linayamba kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak ya ku America inkapatsa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley, kuti aziyezerapo mitundu. Zotsatira zake, anthu akhungu lakuda ankatuluka akuda mopitirira m'zithunzi zambiri. Mu 2021 kampani ya Google inaika njira yotchedwa Real Tone mu foni yake ya Pixel 6 pofuna kuti khungu la mtundu uliwonse lizituluka momwe lilili.

Pomwe masamu amakanika

Kodi 0 kuchulukitsa ndi 3 n'chiyani? Ndi 0. Nanga kuchulukitsa ndi 100? Ndi 0 yemweyo. Pamalo pomwe sipanalowe kuwala kulikonse, palibe chomwe mungatulutse.

Vuto lina ndi timadontho tamawangamawanga tomwe timaoneka mukawalitsa kwambiri chithunzi cha usiku. Kuwala kukachepa, sensa siyeza molondola. Timadontho tiwiri toyandikana pa malaya amodzi tikhoza kulembedwa 5 ndi 8. Kusiyana kwake ndi 3 chabe, ndipo mumdima simungakuone. Mukachulukitsa ndi 10 mupeza 50 ndi 80, kusiyana kwafika pa 30, ndipo malaya aja aoneka amathothomathotho. Mwakweza chithunzi pamodzi ndi zolakwika zake.

Choncho nzeru yaikulu ndi kupeza kuwala musanajambule. Apempheni agogo mwaulemu kuti, "Agogo, tatembenukani kuti kuwala kukufikeni kumaso." Gwirani nkhope yawo pagalasi la foni ndi chala, chifukwa mukatero foni imayeza kuwala kwa pankhopepo. Pukutaninso galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Usiku gwiritsani ntchito Night mode ngati ilipo, ndipo musagwedeze dzanja: foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza kuti kuwala kuchuluke.

Kodi mukudziwa?

Chithunzi chakale kwambiri chojambulidwa ndi kamera chomwe chikadalipo mpaka lero anachijambula ndi Nicéphore Niépce wa ku France cha m'ma 1826. Kuti kuwala kukwanire, kamera yake inakhala chitsegukire kwa maola osachepera 8.

Mu 1975, Steven Sasson wa ku Kodak anapanga kamera yosunga zithunzi ngati manambala. Zithunzi zake zinali za timadontho 10,000 tokha, zopanda mitundu, ndipo kusunga chithunzi chimodzi pa tepi ya kaseti kunkatenga masekondi 23.

Yesani izi

Pemphani chilolezo kwa mwini foni. Ikani kapu pawindo masana, inu muli mkati mwa nyumba, ndipo jambulani katatu. Koyamba ingodinani batani. Kachiwiri gwirani kaye kapuyo pagalasi la foni musanadine. Kachitatu chotsani kapuyo pawindo, muiike patebulo pomwe kuwala kwa pawindo kukuifikira, inu mufulatire windolo. Kenaka walitsani chithunzi choyamba ndi Shadows mpaka chifanane ndi chachitatu, ndipo muzikulitse zonse ziwiri ndi zala. Ndi chiti chomwe chili ndi timadontho tamawangamawanga tambiri? Aonetseni anzanu, muwafunse ngati angafotokoze chifukwa chake pogwiritsa ntchito manambala.