AMISIRI A MIPANDO A KU FRANCE: DESIKI LA MFUMU LOUIS XV

M'nyumba yachifumu ya ku Versailles, kufupi ndi mzinda wa Paris, muli desiki limene akatswiri ambiri amati ndilo lotchuka koposa pa mipando yonse yopangidwa m'dziko la France. Analiyamba m'chaka cha 1760 ndipo analimaliza mu 1769. Mmisiri amene analiyamba sanalione litatha, ndipo amene analimaliza anamwalira chuma chake chitachepa.

Masiku amenewo umisiri wa matabwa mu Paris unali ndi malamulo okhwima a bungwe la amisiri. Mnyamata ankaphunzira ntchito zaka zambiri pansi pa mmisiri wamkulu, ndipo asanaloledwe kutsegula malo akeake ankayenera kupanga chinthu chimodzi choti akuluakulu a bungwe achiyese. Amisiriwo anali a magulu awiri. Ena ankasema mipando ndi mabedi kuchokera ku thabwa lathunthu. Ena ankapanga matebulo ndi makabati, n'kuwakuta ndi tizibenthu topyapyala ta mitengo ya mtengo wapatali. Awa ankatchedwa ébéniste, dzina lochokera ku mtengo wakuda bii wofanana ndi phingo. Lamulo linkati mmisiri aliyense azidinda dzina lake pa chimene wapanga, ndipo n'chifukwa chake mayina awo akudziwikabe.

Jean-François Oeben anabadwira ku Germany mu 1721, nakhala mmisiri wa mfumu ya France mu 1754. Mfumu Louis XV inkafuna desiki losunga makalata ake achinsinsi, ndipo Oeben anaganiza zopanga chotsekera cha timatabwa tolumikizana, chimene chimapindika ngati mphasa n'kulowa m'kati munthu akatsegula. Kiyi mmodzi yekha, amene mfumu inkasunga, ankatseka chotsekeracho pamodzi ndi madilowa ake. M'mbali munali timadilowa tapadera toti antchito azithira inki popanda kuona zam'kati. Kunja kwake tizibenthu ta mitengo ya maonekedwe osiyanasiyana tinadulidwa ndi kumatidwa mwaluso mpaka kutulutsa zithunzi za maluwa, zipatso ndi zida za nkhondo. Popeza mutu umodzi susenza denga, zokometsera za mkuwa wokutidwa ndi golide zinapangidwa ndi amisiri ena, motsogozedwa ndi Jean-Claude Duplessis.

Oeben anamwalira mu 1763 ntchito ili pakati, nasiya ngongole zambiri. Malamulo ankalola mkazi wamasiye kupitiriza ntchito ya mwamuna wake pogwiritsa chidindo cha malemuyo. Motero ntchito inagwera wothandiza wake, Jean-Henri Riesener, wobadwira ku Gladbeck m'dziko la Germany mu 1734. Iye anakwatira mkazi wamasiyeyo mu 1767, nalandiridwa kukhala mmisiri wamkulu mu 1768. Chaka chotsatira anapereka desikilo kwa mfumu, ndipo dzina lolembedwapo ndi lake, osati la mphunzitsi wake. Mtengo wake unaposa ndalama za livre 60,000, pamene wantchito wamba ankalandira mazana owerengeka okha pa chaka chathunthu.

Louis XV analigwiritsa zaka zisanu zokha, namwalira mu 1774. M'chaka chomwecho Riesener anasankhidwa kukhala mmisiri wa mfumu yatsopano, Louis XVI, ndipo kwa zaka khumi analemera kwambiri. Koma pamene chuma cha boma chinayamba kuchepa, a kunyumba yachifumu anaona kuti mitengo yake inali yokwera, ndipo ntchito zambiri anazipereka kwa Guillaume Benneman. Mfumukazi Marie-Antoinette ndiye anapitirizabe kumpatsa ntchito.

Kenaka mu 1789 anthu a ku France anaukira ufumu. Mabungwe a amisiri anathetsedwa mu 1791, ndipo mfumu ndi mfumukazi anaphedwa mu 1793. Boma latsopano linagulitsa katundu wa ku Versailles pa msika wopikisana kwa chaka chathunthu. Riesener anagulako mipando yambiri imene anapanga yekha, pa mtengo wotsika, poyembekeza kuti adzaigulitsanso ndi phindu zinthu zikadzakhazikika. Anaphonya. Ogula ake akale anali ataphedwa kapena kuthawira kunja, ndipo olemera atsopano ankafuna mipando ya maonekedwe ena. Choipitsitsa, mu 1794 anapatsidwa ntchito yochotsa zizindikiro za ufumu pa desiki lija: zilembo za dzina la mfumu m'mbali mwake anazilowetsa m'malo ndi mbale zadothi, ndipo nkhope ya Louis XV inasanduka ya Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma. Anamwalira mu 1806, dzina lake litayamba kuiwalika.

Riesener sanagwe chifukwa chosowa luso. Anagwa chifukwa chakuti moyo wake wonse unatsamira pa khomo limodzi, ndipo khomolo litagwa analibe kwina koloza. Koma chimene manja ake anapanga sichinagwe naye. Desikilo linapulumuka kugulitsidwa, linasungidwa zaka zambiri ku Louvre, ndipo mu 1957 linabwezedwa ku Versailles. Lero lili m'chipinda chomwe chija chimene mfumu inkalemberamo makalata ake, ndipo alendo amene amaima pamenepo amamva mayina a amisiri onse awiri.