Makina Ochapira Akakana Kutulutsa Madzi: Gwero la Vuto ndi Mankhwala Ake

Makina ochapira zovala, omwe kale ankapezeka m'mahotela ndi m'zipatala mokha, tsopano alowa m'nyumba zambiri ku Maselema ndi m'madera oyandikana nawo monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ena amagulidwa atsopano, ena ndi ogwirapo kale ntchito ochokera kunja. Vuto lomwe eni ake amakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti makina amaima madzi ali tho m'kati, zovala zili zonyowa. Ambiri amathamangira kwa mmisiri poganiza kuti makina afa, chonsecho nthawi zambiri njira ya madzi imangokhala itatsekeka, ndipo mwini wake angathe kuitsegula yekha osalipira kanthu.

Choyamba n'kudziwa mtundu wa makina. Makina a migolo iwiri, wina wochapira wina wofinyira, kawirikawiri sakhala ndi pampu. Madzi amatuluka okha chifukwa cha kutsetsereka, choncho paipi yotulutsira madzi iyenera kugona pansi. Ikakolekedwa pakhoma kapena kulowetsedwa m'sinki, madzi sangakwere. Makina odzichapira okha a chitseko chakutsogolo ali ndi pampu yamagetsi yomwe imakankha madzi, ndipo ambiri mwa iwo amalemba chizindikiro madzi akakanika kutuluka. A LG amalemba OE, pamene a Samsung amalemba 5E kapena 5C.

Asanagwire chilichonse, mwini makina azime magetsi ndi kuzula pulagi pasoketi, kenako atseke mpopi. Magetsi a ESCOM m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo amapha munthu amene waponda pansi ponyowa. Ngati makina amachapa ndi madzi otentha, ndi bwino kudikira kuti azizire. Magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, pampu imaima ndipo chitseko chimakhala chokhoma kwa kanthawi. Apa palibe chomwe chawonongeka, ndipo kukanula chitsekocho ndi mphamvu kumangothyola loko.

Kufufuza kuyambe ndi paipi yotulutsira madzi. Makina akakankhidwira kukhoma, paipi imapindika kapena kuphwanyika kumbuyo. Ikawongoledwa koma madzi osatulukabe, ichotsedwe ndi kutsukidwa pampopi, popeza ulusi, mchenga ndi sopo wouma zimaunjikana m'kati mwake. Pa makina a pampu, nsonga ya paipi ikhale pakati pa masentimita 60 ndi 100 kuchokera pansi. Ikakwera kwambiri pampu imalephera, ikatsika kwambiri madzi amangotuluka makina akuthira. Polowa m'paipi ya pakhoma isapitirire masentimita 15, ndipo pakamwa pake pasamatidwe, kuti mpweya uzilowa.

Malo achiwiri ndi sefa. Pa makina a chitseko chakutsogolo, sefa imakhala kuseri kwa kachitseko kakang'ono m'munsi. Mwini makina ayale chiguduli, aike beseni losaya, atulutse madzi kudzera m'kapaipi kakang'ono ngati kalipo, kenako apotokole sefayo pang'onopang'ono. M'menemo mumapezeka ndalama zachitsulo, mabatani, mapini a tsitsi, timasokosi ta ana ndi ulusi. Kuseri kwa sefa kuli kampeni ka pampu komwe kayenera kuzungulira kakakhudzidwa ndi chala. Pa makina a migolo iwiri, zinyalala zimakodwa pa chotsekera madzi cha labala m'munsi mwa mgolo wochapira, kapena kalamba kokoka chotsekeracho kamaduka. Kutsuka sefa kamodzi pa miyezi iwiri ndi kupisa m'matumba a zovala zisanachapidwe kumapewetsa zambiri mwa izi.

Sopo naye ali ndi mbali yake. Sopo wa ufa wochapira pamanja amachita thovu lambiri, ndipo pampu siitha kukankha thovu. Makina a chitseko chakutsogolo amafuna sopo wopangidwira makina, pa mlingo wolembedwa pa paketi. Thovu likadzaza, makina ayendetsedwe ndi madzi okha mpaka lithe.

Pali zizindikiro zomwe zimafuna mmisiri. Ngati sefa ndi paipi zili zoyera koma pampu ikungong'ung'udza, ili zii, kapena pakumveka fungo la waya wopsa, makina asayatsidwenso. Mwini makina apemphe kuona chipangizo chomwe chachotsedwa, ndipo agwirizane mtengo ntchito isanayambe. Ngati madzi akutuluka bwino m'makina koma akubwerera kudzera m'sinki kapena m'bafa, vuto lili m'mapaipi a nyumba ndipo wofunika ndi pulambala. Mankhwala aukali otsegulira mapaipi asathiridwe m'makina chifukwa amadya labala.

Nkhani siithera pakhomo la nyumba. Kuchapa kamodzi kumatulutsa ndowa zingapo za madzi akuda, ndipo banja lochapa kangapo pa sabata limataya madzi ochuluka. Nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji a khonsolo, omwe amapita ku malo oyeretsera madzi monga a Soche ndi Limbe, zilibe nkhawa imeneyi. Koma nyumba zambiri za m'matauni ang'onoang'ono sizinalumikizidwe, ndipo ena amangotulutsira paipi kuseri kwa mpanda. Madziwo amakumba msewu wadothi, amadikha pakhomo pa mnansi, amanunkha, ndipo amaitana ntchentche ndi udzudzu. Lamulo la zaumoyo la Public Health Act limaika madzi onyansa otayikira mumsewu m'gulu la zinthu zosokoneza umoyo wa anthu.

Ngalande za m'mbali mwa msewu zinakumbidwira madzi a mvula, ndipo zimathera m'mitsinje monga Mudi ndi Naperi popanda kuyeretsedwa. Madzi ochapira matewera kapena zovala za wodwala m'mimba amanyamula tizilombo, pamene kumunsi kwa mitsinjeyi anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unaonetsa kuopsa kwa madzi akuda, ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsanso kufunika kwa ngalande zosatsekeka.

Njira yoyenera pa nyumba yopanda suweji ndi kukumba dzenje lomwetsera madzi. Likhale pafupifupi mita imodzi m'mimba mwake ndi mita imodzi ndi theka kuya, lidzazidwe miyala kapena zidutswa za njerwa, ndipo livindikiridwe kuti ana asagweremo. Litalikirane ndi maziko a nyumba, komanso likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime. Kumanga kasefa ka nsalu kunsonga kwa paipi kumaletsa ulusi kutseka dzenjelo. Madzi ochapira asalowetsedwe m'chimbudzi chokumba, chifukwa chimadzaza msanga ndipo makoma ake amatha kugumuka. Madzi otsukuluzira omaliza angathe kukolopera m'nyumba kapena kuthirira maluwa, zomwe zimachepetsanso bilu ya Blantyre Water Board.

Amene akuchita lendi akambirane ndi eni nyumba za kolowera madzi asanaike makina. Aneba akasemphana pa madzi otayikira m'njira, nkhaniyo ipite kwa mfumu ya m'deralo kapena khansala wa wodi, ndipo paipi ya suweji ikaphulika, khonsolo idziwitsidwe msanga. Mvula isanayambe mu Novembala, khomo lililonse lokhala ndi makina ochapira litsuke sefa, liyendere paipi yake mpaka kumapeto, ndi kutsimikiza kuti madzi ake akumwera pamalo pake.