Sewero la ndale pa Phwezi ndi mkangano wa alawansi

Pa 14 June chaka chilichonse, akuluakulu amakumbukira riferendamu ya 1993, pomwe nyali idagonjetsa tambala wakuda, dziko nkusankha ndale za zipani zambiri. Achinyamata a pa Phwezi, m'boma la Rumphi, adabadwa zonsezi zitachitika kale. Za ufulu wawo wovota amazimva pawailesi, pa WhatsApp, kapena kwa mabungwe omwe si aboma.

Masana ena, m'mphepete mwa msewu wa M1, gulu lomwe lidaphunzitsidwa ndi bungwe lina lidachita sewero m'Chitumbuka. Mnyamata wakabaza adavala jekete lobwereka lofika m'mawondo, nkusomeka pilo pamimba kuti aoneke bwana. Iye ndiye adali wofuna uphungu. Uku akugawa zitenje, uku akulonjeza mlatho pa Rukuru, feteleza wotsika mtengo, ngakhale mvula imene. Mtsikana wa Fomu 4 adalandira chitenje mogwada, kenaka nkumufunsa mokweza komwe kudapita ndalama za chitukuko cha m'deralo. Bwanayo adayamba kutsokomola, pilo nkugwa. Amayi ogulitsa tomato adaseka mpaka misozi.

Phokoso litatsika, mtsikanayo adafotokoza kuti kuyambira pa chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, wofuna upulezidenti amayenera kupeza mavoti opitirira theka, ndipo wovota amalembetsa ndi chiphaso cha unzika akakwanitsa zaka 18.

Koma chomwe chimautsa mapiri pachigwa ndi alawansi. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa andale kugawa ndalama ndi katundu pokopa anthu, ndipo mabungwe amaphunzitsa zomwezo. Komabe maphunziro awo akatha, amatulutsa envelopu ya ndalama ya mayendedwe ndi botolo la chakumwa. Aphunzitsi ena amati uku nkuzoloweza mwana kuti nkhani za dziko amazimvera pokhapokha pali kangachepe. Ogwira ntchito m'mabungwe amakana. Iwo amati wochokera ku Bwengu kapena ku Mzokoto wasiya fodya wake m'chigafa, walipira njinga, ndipo palibe yemwe akumuuza woti amuvotere.

Achinyamatawo dandaulo lawo ndi lina: galimoto za mabungwe zimachuluka chisankho chikayandikira, monga zidalili chisanafike cha pa 16 September 2025, kenaka zii.

Wakabaza uja adabwerera pasiteji yake. Makasitomala tsopano amamuitana kuti olemekezeka, ndipo ena amakana kulipira ati adawalonjeza ulendo waulere.