MADZI OBISALA MU FODYA WANU

Alimi a ku Chiwamba, Lumbadzi ndi madera ozungulira, ino ndi nyengo yopachika fodya m'zigafa. Ntchito yonse youmitsa fodya ndi yosuntha madzi basi: kuwatulutsa m'tsamba, kenaka kubwezeramo pang'ono. Tsono ndi bwino kuwadziwa madziwo.

Madzi amakhala m'maonekedwe atatu. Akazizira kufika pa madigiri 0 amaundana nkulimba ngati mwala. Matalala amene amaboola masamba m'munda ndi madzi otere. Akasungunuka ndiwo madzi a pachitsime. Akalandira kutentha amasanduka nthunzi nalowa mumpweya. Chinthucho ndi chimodzi. Chimene chimasintha ndi kayendedwe ka tizidutswa tating'onoting'ono topanga madziwo: m'matalala tagwirana nji, m'madzi timatererana, mu nthunzi tabalalika. Lita imodzi ya madzi ikawira yonse imatenga malo okwanira pafupifupi malita 1,700.

Ambiri amayesa kuti nthunzi ndi choyera chija chimatuluka mumphika wa nsima. Iyayi. Nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso. Choyeracho ndi timadontho, nthunzi imene yazizira kale niyamba kubwerera kukhala madzi, monga nkhungu ya m'dambo m'mamawa. Ndiponso madzi sadikira kuwira kuti asanduke nthunzi. Ku Lilongwe kuno, poti dziko ndi lokwera kupitirira mamita 1,000, madzi amawira pa madigiri ngati 96, osati 100, koma chovala chimauma pachingwe popanda moto, ndipo fodya wa bale amauma chimodzimodzi.

Tsamba laliwisi ndi madzi okhaokha, magawo 80 mpaka 90 mwa 100. Mukapachika makilogalamu 100 a masamba, kawirikawiri otsala atauma sakwana 20. Ndiye kuti ndowa zinayi za malita 20 zatuluka m'chigafamo inu osaziona. Wozinyamula ndi mpweya, ndipo mpweya uli ndi malire. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungathe kusenza magalamu 30 a nthunzi pa madigiri 30, koma pa madigiri 10 umangotha magalamu 9. Ukakhuta sulandiranso.

Apa ndi pamene pagona vuto la February ndi March. Mvula ya mvumbi ikagwa masiku angapo mpweya umakhala wokhuta kale. Mlimi amene wathinanitsa mikangala kuti fodya yense akwane m'chigafa chimodzi watsekereza mpweya womwewo pakati pa masamba. Madzi amasowa kopita, tsamba limachita thukuta, limada, limayamba kuola kapena kuchita chuku. Siyani mipata pakati pa mikangala, lambulani udzu m'mbali mwa chigafa kuti mphepo idutse, ndipo folerani denga lisadonthe. Kumanga chigafa china ndi ntchito, inde, koma fodya woola sauka. Eni maesiteti nawonso amve: mtenanti amene sanapatsidwe mitengo ndi udzu wokwanira sangachitire mwina koma kuthinanitsa, ndipo amataya onse awiri.

Kufulumira nakonso ndi kulakwa. Mphepo youma ikawomba kwambiri masiku oyamba, tsamba limauma lisanasinthe mtundu, nkukhala lobiriwira kapena la mawangamawanga. Pa nthawi yotere tchingani mbali yochokera mphepo. Chouma pomalizira ndi msana wa tsamba. Upindeni: ukathyoka fodya wauma, ukangopindika madzi akadalimo.

Fodya wouma amamwanso nthunzi ya mumpweya. Ndicho chifukwa chake masana amafumbutuka mukamgwira, koma m'mamawa amafewa. Usiku mpweya ukazizira umalephera kusunga nthunzi yonse imene unasenza masana. Ina imagwa ngati mame, ina imalowa m'masamba. Tsitsani fodya ndi kumsankha nthawi imeneyo. Fumbatani tsamba m'dzanja ndi kulitaya: likatambasuka lokha osang'ambika, lafewa bwino, likakhala lokwinyika ndi lomata, madzi achuluka, dikirani.

Alipo ena amene amawaza madzi pa fodya podinda, ati belo lilemere. Kumeneko ndi kudzibera wekha. M'belo lothinidwa ndi jeke mulibe mpata woti nthunzi ituluke. Mkati mumatentha, chuku chimamera, ndipo ogula ku okushoni ku Kanengo akalowetsa dzanja amadziwa msanga. Belo likabwezedwa mumalipira kulikonzanso, mtengo nkutsikanso. Musaike mabelo pansi penipeni kapena kutsamiritsa kukhoma, pakuti dothi ndi simenti zimatulutsa chinyezi. Yalani mitengo pansi, ndipo musakutire ndi pulasitiki fodya amene sanaumitsitse, chifukwa nthunzi ikagunda pepalalo usiku imasanduka madontho nigweranso pa fodya. Chimanga nacho chisalowe m'matumba chinyezi chake chisanatsike kufika magawo 13 mwa 100. Mlangizi wa dera lanu akuonetsani kayesedwe kake.