Gawo la Nsadzu: Kuphunzitsa Kuyamika m'Kalasi la Kuwerenga

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba: Ambiri a inu mumatsegula kalasi ndi pemphero loyamika, ndipo mumacita bwino ndithu. Koma mau akuti zikomo akamanenedwa tsiku ndi tsiku osachula cimene tikuyamikira, amasuluka ngati nsalu yocapidwacapidwa. Wophunzira amavomera Amen koma maganizo ali kumunda. M'nkhani ino tifuna kufotokoza m'mene phunziro la kuyamika lingamangidwire pa zinthu zimene Mulungu anaika m'dera lathu lino, zimene ophunzira athu amazidziwa bwino kuposa ife aphunzitsi, angakhale sanagwirepo colembera.

Mbalame yotsogolera ku uci

Tiyambe ndi nsadzu, kambalame kamene abale athu Ayao amati sego. Ikaona munthu m'thengo imalira mosalekeza, n'kumaulukira mtengo uwu ndi uwo, kudikira kuti munthuyo aitsate, mpaka afike pamene pali njuci. Cakudya cake ndi phula ndi ana a njuci, koma payokha siingathe kuswa mphako kapena kulimbana ndi mbola. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi moto, koma kupeza njuci m'nkhalango yaikulu kumamvuta. Cotero awiriwa amathandizana, wina kuloza, wina kufula.

Nkhaniyi ndi yakale. Wansembe wa Cipwitikizi João dos Santos, amene anakhala ku Sofala, anafotokoza m'buku lake Ethiopia Oriental la 1609 za mbalame imene inkalowa m'kacisi kudzadya phula la makandulo. Ndipo mu 2016 Claire Spottiswoode pamodzi ndi Keith ndi Colleen Begg anafalitsa m'magazini ya Science zimene anapeza poyenda ndi alenje a uci a Ciyao ku Reserva do Niassa. Alenjewa ali ndi kaitanidwe kawo, "brrr-hm", kamene mwana amaphunzira kwa bambo wake. Poyenda ndi mau ena wamba, mbalame inkabwera kudzatsogolera pa maulendo 33 mwa 100 alionse. Poyenda ndi kaitanidwe kameneka, inkabwera pa maulendo 66. Kupeza njuci kunakwera kucokera pa maulendo 17 kufika pa 54. Kodi si zodabwitsa, mbalame yam'thengo yosawetedwa kudziwa mau a anthu a kwathu kuno?

Tsono mlenje akafula uci sanyamula zonse. Amayala masamba pansi, n'kuikapo zisa zina kuti nsadzu idye. Akulu ankacenjeza kuti munthu womana, tsiku lina mbalame idzamtsogolera kwa njoka. Ife sitiphunzitsa kuti mbalame imasunga cakukhosi ngati munthu. Koma m'cenjezoli muli coonadi: wolandira mphatso ayenera kusiyako gawo, ndipo kusiyako kumeneko ndiko kuyamika koona ndi maso. Malamulo a Mose ali ndi mtima womwewu. Pa Levitiko 19:9-10 mwini munda auzidwa kuti asakolole mpaka m'mphepete, asiyireko wosauka ndi mlendo. Pa Deuteronomo 22:6-7 wopeza cisa ca mbalame aletsedwa kutenga mai pamodzi ndi ana. Mulungu wopatsa ndiye amene anaika malire pa kutenga kwathu.

Kumene madzi athu amapita

Caciwiri ndi madzi. Aliyense wokwera sitima kucokera ku Cuamba kupita ku Entre Lagos amafika pakati pa nyanja ziwiri, ndipo dzina la malowo m'Cipwitikizi likunena zomwezo. Kumpoto kuli Chiuta, kumwera kuli Chilwa, imene mapu a kwathu amalemba Chirua. Zimalekanitsidwa ndi mtunda wa mcenga basi, koma madzi ake ndi osiyana. Chiuta ikadzaza imatsanulira madzi mu Amaramba, mu Amaramba mumatuluka mtsinje wa Lugenda, Lugenda amadutsa nkhalango za Niassa nakathira mu Rovuma ku Negomano, ndipo Rovuma amakafika kunyanja yaikulu m'malire ndi Tanzania. Chilwa ilibe potulukira. Mitsinje imathiramo, dzuwa limamwa madziwo, mcere wocokera m'nthaka umatsalira momwemo caka ndi caka, n'cifukwa cake madzi ake ndi amcere pamene a Chiuta ndi abwino kumwa.

Mlaliki saphonya fanizo pamenepa: mtima wolandira n'kumapatsanso ena umakhala wokoma, pamene wongosunga umawawa. Komatu tisainyoze Chilwa, pakuti matemba ake adyetsa mabanja osawerengeka mbali zonse ziwiri za malire. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ouma, mabwato ali gone pamtunda. Paja amati citsime cimadziwika kuya kwake cikaphwa. Asodzi anadziwa mtengo wa nyanja yawo pamene inawathawa. Phunziro la kuyamika lifuna kuti tidziwe mtengo wa cinthu cikadalipo, kaya ndi Lúrio, kaya timitsinje totsika m'phiri la Mitucué, kumene kunamangidwa damu lopangira magetsi a Cuamba, kaya kasupe wa kuseri kwa mudzi wanu.

Nkhalango imene inatilandira

Cacitatu ndi nkhalango, ndipo apa mbiri ya kwathu ikulowapo. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, losainidwa ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, m'caka ca cilala coopsa. Anthu a Mozambique opitirira 1,000,000 anali atathawira ku Malawi. M'zaka za 1993 mpaka 1995 ambiri anabwerera, ena kudzera ku Chiponde, ena ku Nayuchi, napeza nyumba zitagwa ndi minda itasanduka thengo. Nanga anadya ciani podikira cimanga coyamba? Thandizo la mabungwe linalipo, inde, koma funsani amai acikulire m'kalasi mwanu. Adzakuuzani za bowa, masuku, mphalabungu, uci, nsomba ndi ndiwo zam'thengo. Milimo, nsungwi, luzi ndi udzu womangira nyumba zatsopano zinacokera m'nkhalango yomweyo, popanda kulipira.

Deuteronomo 8 anacenjeza Aisrayeli kuti nthawi yoopsa kwambiri pa cikhulupiriro ndi pamene munthu wakhuta ndipo wamanga nyumba yabwino, pakuti pamenepo amayamba kuganiza kuti zonse wazipeza ndi dzanja lake. Cenjezoli ndi lathu. Matumba a makala andanda m'mbali mwa mseu wa Cuamba, Mandimba mpaka Lichinga. Zigafa za fodya zimadya mitengo. Moto wa mwezi wa Okutobala, udzu utauma gwa, umapha mphukira ndi njuci zomwe. Pakati pa 2009 ndi 2014 njobvu za dziko lathu zinatsika kucokera pa 20,000 kufika pafupifupi 10,300, ndipo zambiri zinaphedwera m'Niassa muno cifukwa ca minyanga.

Ophunzira amve m'mene zinthu izi zimalumikizirana. Bowa wambiri amene timazula nthawi ya dzinja amamera pa mizu ya mitengo yamoyo monga mombo ndi msuku. Amalandira cakudya kumtengo, nayenso amathandiza mtengo kupeza madzi ndi cakudya m'nthaka. Mitengo ikatha, bowayo amathanso. Masamba ndi mizu zimagwira madzi a mvula kuti alowe pansi pang'onopang'ono, ndipo ndiwo amene amatuluka m'akasupe m'cilimwe. Phiri likametedwa mpala, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula nthaka, mtsinje n'kuuma msanga. Genesis 2:15 akuonetsa kuti munthu anapatsidwa nchito ziwiri m'munda wa Mulungu, ya kulima ndi ya kusunga. Ife nchito yoyamba tinaigwiritsa, yaciwiri tikuilekerera.

Pophunzitsa izi samalani, musaloze cala bambo woocha makala amene wakhala kumbuyo m'kalasi. Kawirikawiri thumba la makalalo ndiwo mankhwala a mwana kapena makope a kusukulu. Cofunika ndi kuti kalasi lonse lifunsane: gawo la nsadzu m'nkhalango yathu ndi liti?

M'mene mungakonzere phunziro

1. Yambani ndi kufunsa, musayambe ndi kulalika. Ndani anatsatapo nsadzu? Mtsinje wathu umacokera kuti, nanga umathira kuti? Ndi zipatso ziti zimene zinalipo kale koma lero zikusowa? Asiyeni alankhule m'cinenero cimene amasuka naco, Cinyanja, Ciyao kapena Cimakua.

2. Lembani pabolodi mau awiri awa: uci ndi utsi. Amamveka mofanana pang'ono, ndipo mlenje amafuna zonse ziwiri. Aduleni m'maphatikizo, u-ci ndi u-tsi, kenaka ca ce ci co cu ndi tsa tse tsi tso tsu. Ophunzira apange mau awo monga cala, cisa, tsamba, tsiku. Amene anaphunzirako ku Malawi adzalemba uchi. Musawadule colakwa, afotokozereni kuti liu ndi lomwelo, kalembedwe ndiko kasiyana.

3. Lembani maina a Mulungu amene makolo anatisiyira: Mulungu, Namalenga, Cauta, Mphambe, ndiponso Mlungu m'Ciyao ndi Muluku m'Cimakua. Ku Mandimba ndi ku Ngauma ophunzira ambiri ndi Asilamu. Iwonso amavomereza kuti dziko lili ndi Mlengi ndi kuti munthu ayenera kumthokoza. Kalasi lisasanduke bwalo la mikangano. Umboni wathu ukhale ulemu ndi kuphunzitsa mokhulupirika.

4. Jambulani mapu a mudzi pansi ndi kamtengo, kuonetsa mitsinje, akasupe, manda ndi nkhalango. Itanani agogo awiri kapena atatu achule maina akale a malowa ndi matanthauzo ake. Ophunzira alembe mainawo m'kope limodzi la kalasi. Dzina limene silinalembedwe limaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake.

5. Aliyense alembe pemphero la mizere itatu, kuchula zinthu zitatu ndi maina ake enieni. Wosatha kulemba anene, mnzake amlembere.

6. Tsirizani ndi cinthu cimodzi coti mucite, mutagwirizana ndi amfumu. Mwina kulambula mseu wotsekereza moto kuzungulira kasupe. Mwina kusiya zitsa zina m'mphepete mwa munda, pakuti mombo umaphukanso pacitsa ukatetezedwa ku moto. Mwina kupacika ming'oma ya matabwa kapena ya cipika couma, m'malo mogwetsa mtengo wa njuci kapena kusenda khungwa la mtengo wamoyo, zimene zimaupha.

Kuyamika caka coipa

Wophunzira wina adzafunsa kuti: Abusa amati tiziyamika, nanga caka cimene mvula yadula, kapena madzi akokolola munda? Funsoli musalithawe. Cilengedwe sicili cokoma mbali zonse. Nsadzu yomweyi imaikira mazira m'zisa za mbalame zina, ndipo mwana wake akaswa amapha ana a mwini cisa. Paulo pa Aroma 8 akunena za cilengedwe cimene cikubuula podikira kumasulidwa. Mneneri Habakuku, kumapeto kwa buku lake, anawerenga mitengo yosabala, minda yopanda kanthu ndi makola opanda ziweto, koma anatsimikiza mtima kukondwera mwa Mulungu wake. Cikhulupiriro cotere cimaona bwinobwino kuti nkhokwe ilibe kanthu, koma cimagwira Wopatsa pamene mphatso zacedwa. M'makalasi mwanu muli anthu amene anadutsa m'nkhondo ndi m'cilala ca 1992 osataya Mulungu. Apatseni mpata afotokoze okha, pakuti pa phunziro ili iwowo ndiwo aphunzitsi athu.

Pa Luka 17 akhate khumi anaciritsidwa, koma amene anabwerera kudzathokoza anali mmodzi, ndiye Msamariya. Onse khumi anaona khungu lawo litayera. Mmodzi yekha anatembenuka. Nchito yanu, atsogoleri, ndi kuthandiza anthu kutembenuka kotere, pamene akuphunzira kugwira colembera. Maina a mitsinje ndi mapemphero amene ophunzira adzalemba, titumizireni kuti ena tidzawasindikize m'masamba ano, eni ake akalola. Ambuye akupatseni mphamvu pa nchito yanu.